Kuchinya mapointi 30 ku sekondale sikokwanira: mmene makoleji a ku America amasankhira atsikana a basketball

Ku America kuli atsikana oposa 350,000 amene amasewera basketball m'matimu a sukulu zasekondale. Makoleji a Division I, gulu lapamwamba kwambiri m'bungwe la NCAA loyendetsa masewero a m'makoleji, alipo pafupifupi 360, ndipo timu iliyonse ya atsikana imapereka masikolashipu osapitirira 15. Mukachulukitsa mupeza malo 5,000 ndi kena kake, ndipo malo amenewo akugawana ophunzira a chaka choyamba mpaka chachinayi. Mwa atsikana 100 osewera ku sekondale, okafika Division I sakwana awiri.

Njira yolambalala koleji ndi yovuta kuipeza. Lamulo la WNBA, ligi ya akatswiri ya basketball ya amayi, limafuna kuti mtsikana wa ku America akhale atakwanitsa zaka 22 m'chaka chimene akusankhidwa, kapena akhale atamaliza koleji, kapena papite zaka zinayi chimalizireni sekondale. Ngakhale atakhala katswiri wotani, pafupifupi nthawi zonse amadzera ku koleji. N'chifukwa chake nkhani ya amene apite kuti imayamba kutentha mwana akadali ndi zaka 14 kapena 15.

Makolo ambiri amanyengedwa ndi mapointi. Mwana akamachinya 25 kapena 30 pa masewero aliwonse a sukulu yake, amaona ngati makochi a makoleji abwera okha. Koma masewero a ku sekondale ndi a ku koleji ndi osiyana ngakhale pa muyeso weniweniwo. Masewero amakhala ndi zigawo zinayi: ku sekondale chigawo chilichonse chimakhala mphindi 8, zonse pamodzi 32. Ku koleji ndi mphindi 10, zonse 40. Mzere wa mapointi atatu ku sekondale uli pa mamita 6.02, pamene ku koleji kuyambira mu 2021 uli pa mamita 6.75. Masentimita 73 amenewo amaoneka ochepa, koma mtsikana amene amaponya ndi mikono yokha, osagwiritsa ntchito miyendo, mpira wake umayamba kugunda kutsogolo kwa mkombero. Ku koleji timu ili ndi masekondi 30 okha kuti iponye. Ku sekondale zigawo zina za dzikolo zimapereka masekondi 35, zina wotchi imeneyi zilibe n'komwe, kotero mwana amazolowera kunjanja mpira mpaka atapeza mpata umene akufuna. Onjezerani kuti m'tauni yaing'ono amakhala akupikisana ndi anzake ofupika ndi ochedwa, ndiye mumvetsa chifukwa chake kochi wa ku koleji sachita chidwi kwenikweni ndi chiwerengero cha m'nyuzipepala ya kumudzi.

Kumene makochi amaonera osewera ndi ku mpira wa makalabu, womwe umachitika sukulu zikamaliza ligi yawo mu March, kuyambira April mpaka July. Maligi akuluakulu amayendetsedwa ndi makampani a nsapato: Nike ili ndi Girls EYBL, Under Armour ili ndi yake, adidas ili ndi 3SSB. Mipikisano ngati wa Boo Williams ku Hampton m'chigawo cha Virginia, Run 4 Roses ku Louisville ndi Nike Nationals ku Chicago imasonkhanitsa matimu mazanamazana m'nyumba imodzi yokhala ndi mabwalo ambirimbiri oyandikana. NCAA imaika masiku ochepa amene makochi a Division I amaloledwa kukaonera, ndipo mpikisanowo uyenera kukhala wovomerezeka ndi NCAA. Kalabu ikakalowa mpikisano wosavomerezeka, kapena wa masiku ena, ndalama za ulendo ndi hotela zangopita, makochiwo sadzapezeka.

Pa masiku amenewo makochi amakhala pa mipando yawo kumbali kwa bwalo, atavala malaya a koleji yawo kuti osewera awaone, kabuku ka mayina ndi manambala kali m'manja. Saloledwa kucheza ndi osewera kapena makolo pamenepo. Ntchito yawo ndi kuyang'ana basi. Ndipo zimene amayang'ana nthawi zambiri si zimene anthu amaombera m'manja. Mtsikana akalandidwa mpira, kodi amathamanga kubwerera kukatchinga, kapena amaima n'kutambasula manja kwa oyimbira? Akamukakamiza kupita kumanzere, dzanja lamanzere limagwira ntchito? Potchinga, amatsetsereka ndi mapazi kapena amangotambasula dzanja n'kuchita faulo? Mpira ukakhala kutali ndi iye, amadziwa poima? Akamutulutsa n'kumukhazika pa benchi, nkhope imakhala bwanji, ndipo amamvetsera kochi wake? Wosewera amene sangathe kumaka munthu wa msinkhu wake sadzapatsidwa mphindi ku koleji, ngakhale aponye bwino chotani, ndipo makochi amadziwa kuti kuponya n'kosavuta kukonza kusiyana ndi ulesi.

Kutalika kumawerengedwanso mwanjira ina. Mtsikana wa mamita 1.78 ku sekondale amamuika pansi pa mkombero chifukwa ndiye wamtali pa timu. Ku Division I, wa msinkhu umenewo amasewera kunja, ndipo pansi pa mkombero amakumana ndi a mamita 1.90 kapena kuposa. Ngati zaka zinayi zonse wakhala akusewera atafulatira mkombero, osaphunzira kuyendetsa mpira ndi kuponya ali patali, alibe malo. Ili ndi vuto limene makochi a sekondale amabweretsa osadziwa, pofuna kupambana Lachisanu likubweralo.

Za mndandanda wa ESPN, wailesi ya kanema ya masewero, wa osewera 100 abwino a ku sekondale, anthu amakangana nazo kwambiri kuposa mmene ziyenera kukhalira. Pamwamba penipeni mndandandawu sulakwitsa kawirikawiri. Mu 2020 woyamba anali Paige Bueckers wa ku Hopkins High School ku Minnesota, wachiwiri Angel Reese, wachitatu Cameron Brink, wachinayi Caitlin Clark wa ku Dowling Catholic ku Iowa. Onse anayi anakafika ku WNBA. Clark anachinya mapointi 3,951 ku koleji ya Iowa, kuposa wina aliyense m'mbiri ya Division I, ndipo Bueckers anatenga chikho ndi koleji ya UConn mu 2025. Koma mukatsika m'munsi, kusiyana kwa wa nambala 40 ndi wa nambala 90 nthawi zambiri kumangokhala kuti wina anaonedwa kangati, ndi kuti ali mu kalabu iti. Dyaisha Fair, wa mamita 1.65 okha, wochokera ku Rochester, sanali m'gulu la otchuka; anayambira ku Buffalo, n'kumalizira ku Syracuse ndi mapointi oposa 3,400. Makochi enieni amakhala ndi mndandanda wawo, wogwirizana ndi malo amene akusoweka pa timu yawo.

Tsopano za m'kalasi, kumene ambiri amagwera mwakachetechete. Sekondale ya ku America ndi giredi 9 mpaka 12. Kuti munthu aloledwe kusewera Division I m'chaka chake choyamba, NCAA Eligibility Center, ofesi yoona ngati wosewera ali woyenera, imafuna maphunziro 16 ovomerezeka: anayi a Chingerezi, atatu a masamu kuyambira Algebra I kupita m'mwamba, awiri a sayansi, limodzi lowonjezera mwa atatu amenewa, awiri a za chikhalidwe ndi mbiri, ndi ena anayi owonjezera. GPA (avereji ya magiredi) ya maphunziro amenewa okha ikhale 2.3 kapena kuposa. Ku Division II ndi 2.2. Mayeso olowera ku koleji a SAT ndi ACT NCAA inasiya kuwafuna mu 2023, ngakhale makoleji ena amawafunabe polandira ophunzira.

Msampha uli apa: mwa maphunziro 16 aja, 10 ayenera kukhala atatha asanayambe giredi 12, ndipo 7 mwa 10 amenewo akhale a Chingerezi, masamu kapena sayansi. Akangolowa giredi 12, magiredi a maphunziro 10 amenewo amatsekedwa, sangawabwereze kuti akweze GPA. Mtsikana amene anasewera nazo giredi 9 ndi 10 amadzazindikira mochedwa kuti mpata wokonza unatha. Chinanso, si phunziro lililonse la pa sukulu limene NCAA imaliwerengera. Sukulu iliyonse ili ndi mndandanda wake wa maphunziro ovomerezeka pa webusaiti ya Eligibility Center, ndipo ndi bwino kuuona posankha maphunziro a giredi 9, osati a giredi 11.

Makochi a Division I amaloledwa kuyamba kuimbira foni ndi kulembera mtsikana pa 1 June akangomaliza giredi 10. Isanafike nthawiyo, uthenga umadzera kwa kochi wa kalabu kapena wa sukulu, kapena mwanayo amapita ku makampu amene kolejiyo imachititsa. N'chifukwa chake mumamva za ana olonjezedwa malo akadali aang'ono, monga Azzi Fudd amene koleji ya Maryland inamulonjeza sikolashipu ali giredi 6. Lonjezo lapakamwa lotere silimanga aliyense. Kochi akachotsedwa ntchito, kapena akapeza wina womuposa, lonjezolo limasungunuka. Chomanga ndi pepala la mgwirizano wa sikolashipu, limene ambiri amasaina mu November wa giredi 12. Kale linkatchedwa National Letter of Intent, koma NCAA inalithetsa mu October 2024 n'kuika mgwirizano wolembedwa pakati pa koleji ndi wosewera. Pakati pa nthawi ziwirizi pamakhala maulendo okaona koleji: ena kolejiyo imalipira, ena banja limadzilipirira. Kuyambira mu 2023 chiwerengero cha makoleji a Division I amene mwana angakawaone molipiriridwa chilibenso malire.

Amene foni yawo siinalire pa 1 June ayenera kudzigulitsa okha. Kanema wa mphindi zitatu mpaka zisanu ndi wokwanira. Zabwino koposa zikhale mu masekondi 30 oyamba, chifukwa kochi wothandizira amene amatsegula maimelo mazana sadzafika kumapeto. Muzimuzunguliza mwanayo ndi chizindikiro chisanayambe chochitika chilichonse, chotsani nyimbo ndi kanema woyenda pang'onopang'ono, ndipo muikemo kutchinga, kupatsira ndi maribaundi, osati kuchinya kokhakokha. Pambali pake pakhale masewero amodzi kapena awiri athunthu, osadula, olimbana ndi timu yamphamvu. Imelo ilembedwe ndi mwanayo, osati bambo kapena mayi, ndipo ikhale ndi chaka chomaliza sukulu, kutalika kwenikweni, malo amene amasewera, GPA, nambala ya jezi, foni ya kochi ndi ndandanda ya masewero a July yosonyeza bwalo ndi nthawi. Kuwonjezera masentimita asanu pa msinkhu kumaululika tsiku loyamba kochi akaima naye pafupi.

Chimene chasintha msika wonse ndi transfer portal, komwe wosewera amalembetsa kuti akufuna kusamukira ku koleji ina. Kuyambira mu 2021 wosewera wa ku koleji angathe kusamuka osakhala chaka pa benchi, ndipo mu 2024 analoledwa kusamuka kangapo. Angel Reese anachoka ku Maryland kupita ku LSU n'kutenga chikho mu 2023. Lauren Betts, wa mamita 2.01, amene anali woyamba pa mndandanda wa 2022, anakhala chaka chimodzi ku Stanford n'kusamukira ku UCLA. Kwa kochi amene ntchito yake ili pa chiswe, mtsikana wa zaka 21 amene wasewera kale zaka ziwiri ku koleji ndi wodalirika kuposa wa zaka 18. Akatswiri 30 kapena 50 apamwamba sizikuwakhudza. Amene akupanikizika ndi a pakati, amene kale akanapeza malo mosavuta. Choncho pokacheza ku koleji, mafunso ofunika si a kukongola kwa chipinda chovalira. Funsani kuti pa malo amene mwanayo amasewera pali angati ndipo atsala ndi zaka zingati, ndi angati anachoka zaka ziwiri zapitazi, kontrakiti ya kochi itha liti, komanso ngati sikolashipuyo ndi ya zaka zinayi kapena yokonzanso chaka ndi chaka.

Ndalama nazo zalowa. Kuyambira pa 1 July 2021 osewera amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina ndi nkhope yawo, zimene amazitcha NIL, ndipo JuJu Watkins anasaina ndi Nike mu 2022 akadali ku sekondale ya Sierra Canyon. Mu 2025 khoti linavomereza kuti makoleji azilipira osewera mwachindunji, mpaka pafupifupi madola 20.5 miliyoni pa koleji m'chaka choyamba, ngakhale gawo lalikulu limapita ku masewero a amuna. Malamulo a NIL ku sekondale amasiyana chigawo ndi chigawo, ndipo kusaina osafunsa kungamuchotsetse mwana mu ligi ya sukulu.

Bondo ndilo limawononga mapulani ambiri. Mtsempha wa ACL umaduka kawirikawiri mwa atsikana kuposa anyamata, makamaka potera kapena pokhota mwadzidzidzi bondo litalowa mkati, ndipo kuchira kumatenga miyezi 9 mpaka 12. Fudd anaduka mtsemphawu mu 2019 ali ku sekondale, Watkins mu March 2025 ali ku koleji. Iwo makoleji anawadikira ndipo adzawadikira. Mtsikana wamba akavulala mu April wa giredi 11 amaphonya July wofunika koposa. Kulimbitsa minofu ya kumbuyo kwa ntchafu ndi ya m'chiuno, kuphunzira kutera mawondo atapindika, kawiri kapena katatu pa sabata, ndi kupuma milungu ingapo pakati pa ligi ya sukulu ndi ya kalabu, kumachepetsa ngoziyi.

Division I si yokhayo. Ku Division II timu ili ndi ndalama zokwana masikolashipu 10 zimene amazigawa m'zidutswa. Division III ndi makoleji a Ivy League sapereka sikolashipu ya masewero, koma amathandiza malinga ndi kusowa kwa banja. Palinso NAIA, bungwe lina la makoleji ang'onoang'ono, ndi makoleji a zaka ziwiri a NJCAA, komwe amene magiredi anawavuta amakonzera zinthu n'kusamukira m'mwamba. Mtsikana wochokera kunja kwa America amadzera ku Eligibility Center yomweyo, n'kutumiza zotsatira za sukulu kuyambira chaka chake chachisanu ndi chinayi cha maphunziro pamodzi ndi satifiketi yomalizira. Amalowa ndi viza ya F-1, imene imaletsa ntchito zambiri, kotero ndalama za NIL zimene anzake akulandira iye sangazilandire mwachisawawa ali m'dzikomo. Afunse ofesi ya ophunzira akunja ya kolejiyo asanasaine chilichonse.