Za a Frank Bowling ndi penti wongothira

Anthu ambiri akaona chithunzi cha abstract, chija chopanda munthu, chopanda nyumba olo mtengo, mitundu yokhayokha, mawu oyamba amakhala akuti "aaa ichi olo mwana wanga akhoza kupanga." Sindikangana nawo, ndimangoti kayeseni. Penti samvera munthu anzanga. Ukamuchulutsira madzi amathamangira komwe sukufuna, ukamumana madzi amakakamira pamodzi ngati phala lozizira, ndipo mitundu itatu yokongola ukaisakaniza mosaganiza chomwe chimatuluka ndi matope basi.

Ineyo masana ndimalemba masaini a mashopu kuti pakhomo pasasowe ufa, madzulo ndi pa wikendi ndi pomwe ndimapenta zanga zosagulika zija, mchipinda chakuseri chomwe ndimachitcha situdiyo ngakhale muli njinga ndi matumba a chimanga. Ndiye pa nkhani ya kagwiridwe ka ntchito, munthu amene ndimamutsatira kwambiri ndi mdala wina wa ku London, a Frank Bowling.

Anabadwa mu 1934 ku Bartica, mdziko la Guyana ku South America, nthawi imeneyo likutchedwa British Guiana, koma anakulira ku New Amsterdam komwe mayi awo anali telala komanso anali ndi sitolo yawo. Anapita ku London mu 1953, kenako nkulowa sukulu ya zojambula ya Royal College of Art, kalasi imodzi ndi David Hockney yemwe anadzakhala wojambula wotchuka kwambiri. Pomaliza mu 1962 Hockney anatenga mendulo ya golide, iwo ya siliva. Nthawi imeneyo ankajambula anthu bwinobwino, ndiye amene amati a abstract amathawira uku chifukwa nkhope inawakanika apeze china chonena.

Zinthu zinasintha atasamukira ku New York mu 1966. Kumeneko anayamba kupenta nsalu zikuluzikulu zodzadza khoma lonse, penti wothira madzi ambiri woti amalowa munsalu, ndipo mkati mwa mitunduyo ukayang'anitsitsa umaona mapu a South America ndi Africa akuoneka patalipatali, mwina mzere chabe, penanso nyumba ya sitolo ya mayi awo ija. Izi anazionetsa ku Whitney Museum, nyumba yoonetserako zojambula ya ku New York komweko, mu 1971. Kenako mapu aja anawasiya. Cha mma 1974 anakhoma thabwa lopendekeka, nkumayala nsalu pamenepo, iwo nkumathira penti kuchokera pamwamba, nthawi zina mpaka mamita 2, penti nkumatsetsereka yekha mitundu ikukumana mnjira.

Apa ndi pomwe anthu amati ehe, si tinanena, akungothira. Koma taganizani zomwe munthu ayenera kudziwa asanathire: thabwa lipendekeke bwanji, penti akhale wolimba motani, mtundu uti uyambe, wachiwiri ubwere woyamba uja akadali wonyowa kapena atayamba kugwira, ndipo uimitse liti. Akiriliki, mtundu wa penti omwe iwo amagwiritsa ntchito, sadikira munthu. Madzi akangouluka amasanduka pulasitiki ndipo sungamubwezenso, komanso akauma mtundu umada pang'ono kusiyana ndi momwe unkaonekera uli wonyowa, ndiye chomwe wasangalala nacho usiku mmawa umapeza chili china. Kwathu kuno mu Okutobala ndi kutentha kuja amauma bulashi ili mmanja, nthawi ya dzinja nsalu yothiridwa kwambiri imagona yonyowa mpaka mawa lake, fumbi ndi tizilombo tikutera momwemo. Ntchito yambiri ya mu situdiyo ndi kudikira, kutsuka mabulashi, kukoka nsalu, kuyang'ana chinthu chimodzimodzi kwa ola lathunthu osachigwira. Pa Facebook anthu amangoona kavidiyo ka masekondi 30.

Mma 1980 a Bowling anayamba kugwiritsa ntchito gel wa akiriliki wokhuthala, uja amaoneka woyera ali wonyowa koma akauma amaonekera mkati, nkumamatamo timizere ta thovu lolongedzera katundu, tizidole ta pulasitiki, zigoba za mmadzi, tizinthu tomwe abale ndi anzawo abwera nato. Ankathiranso ammonia kuti penti achite zinthu zake. Zithunzi zawo za Great Thames zakumapeto kwa zaka zimenezo ndi zotere, mtsinje weniweni wa Thames wa ku London mulibe koma kuwala kwa pamadzi kulimo. Ndipo chomwe chimandigwira mtima ine ndi msoko. Nsalu zawo zambiri ndi zidutswa zolumikiza, zina zosokedwa, zina zomata, mmphepete modulidwa ndi sizasi ya manomano ija ya atelala. Mwana wa telala ameneyu, ntchito ya mayi ake ili pa nsalu zimenezi. Mayina a zithunzi nawonso nthawi zambiri amakhala a anthu awo, abale, anzawo, malo omwe anakhalako.

Nkhani imeneyi imandikhudza chifukwa cha zomwe timauzidwa ife. Pitani pomwe amagulitsa ziboliboli ku Old Town ku Lilongwe kapena kunyanja, zithunzi ndi zomwezomwezo, mayi wasenza mtsuko mwana kumbuyo, mlambe, bwato dzuwa likulowa. Sindikunyoza ayi, anyamata aja ali ndi luso ndipo akudyetsa mabanja, mzungu akufuna chimenecho ndiye upanga bwanji. Koma ukabwera ndi nsalu ya mitundu yokhayokha amakufunsa kuti chikhalidwe chathu chili pati apa, ukutengera azungu. A Bowling anakumana nazo zomwezi ku New York, nthawi yomwe anthu ambiri ankati wojambula wakuda ayenera kujambula nkhani za anthu akuda zooneka ndi maso, zionetsero, nkhope, mavuto. A Bowling ankalemba mu magazini ya Arts Magazine kutsutsa maganizo amenewo, kuti munthu wakuda ali ndi ufulu wolimbana ndi mtundu ndi nsalu ngati wina aliyense. Ndipo kunena zoona ife zopanda nkhope sitinazione kwa azungu, tayang'anani mizere ya pa mkeka, pa lichero, zolembalemba za pa mphika.

Ulemu unabwera mochedwa kwambiri. Kwa zaka zambiri ku Britain ankangowadutsa anzawo a mkalasi akutchuka. Mu 2005 ndi pomwe anasankhidwa kulowa Royal Academy, bungwe lolemekezeka la akatswiri a zojambula ku Britain, munthu wakuda woyamba chikhazikitsireni bungweli mu 1768. Nyumba yoonetserako zojambula ya Tate Britain ku London inawapangira chionetsero chachikulu cha ntchito ya moyo wawo wonse mu 2019 ali ndi zaka 85, ndipo mu 2020 anapatsidwa u Sir. Zaka zonse zapakatizo ankapitabe ku situdiyo pafupifupi tsiku lililonse, kaya kuli wogula kaya kulibe.

Situdiyo yawo ya ku Peacock Yard, pafupi ndi Elephant and Castle ku London, si yaikulu poyerekeza ndi nsalu zomwe zatulukamo. Thupi litayamba kufooka anayamba kugwira ntchito atakhala pampando, abale ndi othandiza ndi amene amanyamula ndowa ndi kukoka nsalu, iwo akuloza ndi katochi ka laser kuti thira apa, onjeza madzi, basi siya. Mnzanga wina wopenta amati pamenepo ndiye chithunzi si chawonso, nchawothira aja. Ine ndimakana. Ndinamupatsapo mphwanga chitini cha penti wa PVA yemwe ndimagwiritsa ntchito (akiriliki weniweni wa mmachubu mtengo wake sindingaukwanitse pa nsalu yaikulu) kuti athire ine ndikumuuza, ndipo dzanja linali lake koma chomwe chinatuluka aliyense wondidziwa ankati ichi nchako. Yekha atayesa tsiku lina anathira mpaka nsalu yonse inada, chifukwa panalibe womuuza kuti basi.