Mayina a midzi anasowa mu CSV

Masana ano kuno ku Kasungu tinasamutsa mndandanda wa alimi a soya ndi mtedza kuchoka mu Excel kupita mu fayilo ya CSV (fayilo ya mawu okhaokha imene imalekanitsa mfundo za pamzere uliwonse ndi mipatuliro), ndipo titaitsegula mu Notepad (pulogalamu yotsegulira mafayilo a mawu) tinapeza kuti pamalo pa dzina la mudzi pangotsala mipatuliro iwiri yogundana, kupatula pamzere woyamba wa mudzi uliwonse.

Gwero la vutoli linali timabokosi ta mu Excel timene tinaphatikizidwa ndi Merge & Center, batani losandutsa timabokosi tingapo kukhala kamodzi. Excel imasunga mawu m'kabokosi kapamwamba kokha, choncho mizere yapansi imatuluka yopanda kanthu. Titalekanitsa timabokosito n'kulemba mudzi pamzere uliwonse, fayilo inatuluka yathunthu.

Ndikupempha anzanga olemba mindandanda kuti musamaphatikize timabokosi pofuna kukongoletsa chabe, chifukwa mlimi amene mudzi wake sukuoneka angathe kudumphidwa pogawa mbewu.