Ndalama Zifike ku Makhonsolo Mvula Isanayambe

Kuno ku Nsanje ndi ku Chikwawa anthu ambiri amasowa pokhala chifukwa cha madzi osefukira, monga tinaonera mu 2015, mu 2019 komanso pa namondwe wa Freddy mu 2023, pamene mabanja ankagona m'makalasi ndi m'matenti ku Bangula, ana n'kuleka kuphunzira. Ndikupempha boma kuti lizitumiza ndalama ku makhonsolo athu m'chilimwe, Shire ndi Ruo zisanadzaze, kuti akhonsolo pamodzi ndi mafumu apeze malo okwera, akumbe mijigo, ndipo agulire mabanja osauka malata ndi simenti. Abale athu a ku Makhanga sangasamuke ndi mawu okha, pakuti chakudya chawo chimachokera kudimba, choncho malo atsopanowo akhale oti munthu akhoza kulimapo mapira ndi chimanga.