Nthano zoopsa timazilola, nanga za nkhondo?

Abale anga a ku Angónia, pali nkhani imene ikundivuta mumtima. Ife tinakula ndi nthano za afiti ofukula maliro ndi za chilombo chomeza mudzi wonse, agogo akuti "Padangotelo" ife n'kumavomera "Tili tonse". Palibe kholo linkaletsa mwana kumva zimenezi. Kwa azungu filimu ya zoterezi amailembera zaka kuti ana asaonere.

Koma novela (sewero la pa TV) ya ku Brazil ikafika poti awiri akupsompsonana, bambo kuno ku Ulongwe amazimitsa TV, makamaka apongozi akakhala pomwepo. Ku Brazil komweko novelazi amazionetsa madzulo banja lonse lili pamodzi.

Zimene zimandiwawa kwambiri ndi za nkhondo. Anyamata amaonera mafilimu owomberana ngati masewera, pomwe amayi athu ena amene anathawira ku Dedza ndi Ntcheu nkhondo yapachiweniweni ya kuno ku Mozambique isanathe mu 1992 amadzuka n'kutuluka panja mfuti ikangolira. Ine ndikuti wofuna kulemba za zaka zimenezo alembe ndithu, asabise kuwotchedwa kwa midzi, koma ayambe wakhala pansi ndi anthu amene anaziona ndi maso.