Timphira tinagwira, koma ceftriaxone kunalibe

Lolemba ndi Lachiwiri ku endoscopy, komwe timaunika kummero ndi m'mimba ndi kapaipi ka kamera, kunali zamasiku onse: azilonda zam'mimba, agogo ena a khansa ya kummero, ndi obwera pa deti yawo kudzawonjezera timphira tomangira mitsempha ya kummero yomwe imatupa chiwindi chikauma.

Chandiwawa ndi nkhani ya bambo ena, asodzi a kunyanja, omwe anafika Lachitatu atasanza magazi odzaza beseni. Kapamba wotupa, madzi m'mimba, mlingo wa magazi (Hb) uli pa 5. Likodzo la m'matumbo linaumitsa chiwindi kalekale, kachasu n'kudzamaliza. Tinawathira magazi, adokotala anamanga mitsempha yotupa ya kummero ija ndi timphira, magazi n'kusiya. Ntchitoyo tinaigwira bwino, ndikunena mosakayika.

Mufayilo munalembedwa ceftriaxone, mankhwala opha mabakiteriya, 1 g kamodzi patsiku, masiku osapitirira 7. Chifukwa chake mukuchidziwa anzanga. Munthu wa chiwindi chotere akataya magazi, tizilombo ta m'matumbo monga E. coli ndi Klebsiella timalowa m'magazi mosavuta, ndipo magaziwo amalambalala chiwindi chomwe chikanatisefa. Inde, timphira n'tabwinoko kusiyana ndi kubaya mitsempha kwa sclerotherapy, koma sitilowa m'malo mwa mankhwala.

Kufamase anangoti watha. Gadiyani, mkazi wawo, anauzidwa kuti akagule kunja, chonsecho mbuzi anali atagulitsa kale kuti apeze thiransipoti. Akanagula ndi chiyani?

Lachisanu usiku thupi linatentha kufika 39.4, kunjenjemera, kubwebweta, BP 80/50. Malungo sanapezeke. Tinafuna blood culture (kuyeza ngati m'magazi muli tizilombo), kulabu akuti mabotolo kulibe. Mnzanga wa naiti anayenda wodi ndi wodi kupempha, mpaka asisita a kuwodi ya ana anatigawirako ceftriaxone wawo wochepayo. Madilipi tinathamangitsa mpaka kucha.

Pamsonkhano wa m'mawa, funso loyamba la akuluakulu linali loti kodi sikopu, kapaipi ka kamera kaja, inaviikidwa mu glutaraldehyde, mankhwala ophera tizilombo pa zida, mphindi 20 zonse? Ndinaitsuka ndekha, bulashi ndinalowetsa m'timabowo tonse, ndipo buku ndinasaina. Funsolo silolakwika, sikopu yakuda imapatsiradi matenda. Koma palibe anafunsa kuti oda ya mankhwala yomwe tinalemba mwezi watha inathera pa desiki ya ndani. Ndinafunsa ine, ndipo anandiyankha kuti nkhaniyo ikuonedwa.

Bambo aja ali ku HDU, wodi ya odwala kwambiri, mkodzo wayamba kutuluka pang'onopang'ono. Lolemba kuli ena a chiwindi odikira timphira. Ndawauza adokotala kuti tisanayatse makina ndiyamba ndapita ndekha kufamase kukaona pashelefu.