Kukhudza chinthu chomwe chili mu kompyuta

Abale, kunja kuno kuli kachipangizo kooneka ngati cholembera kolumikizidwa ku kamkono kokhala ndi timamota, ukamakayendetsa pa chithunzi cha 3D mu kompyuta kamakukankha dzanja ndiye umachita kumva kuti apa mpolimba, apa mpofewa, ngati mmene timadinira chambo pa msika wa Mangochi kuti tidziwe ngati ndi chalero. Kotchuka kwambiri ndi Phantom, anakapanga ku MIT, yunivesite ya ku America, mu 1993. Chimene chimandigometsa nchakuti kompyuta imawerengera mphamvu imeneyo ka 1000 pa sekondi, ikangochedwa kamayamba kunjenjemera ndipo dzanja limadziwa pompo kuti izi nzabodza. Ophunzira za mano ndi opaleshoni amayeserera pamenepo asanagwire munthu weniweni. Ine ndimalakalaka ana athu ophunzira udokotala atakagwirako, kungoti mtengo wake ngowawa zedi.