Nthiti za gitala yanga, ndi tsiku limene makina anandidyera thabwa

Loweruka lapitali ndinamanga nsambo zonse 6 pa gitala yomwe ndakhala ndikulimbana nayo pafupifupi chaka ndi theka m'kashedi ka kuseri kwa nyumba ku Area 25. Inalira. Ndinakhala pa ndowa yovundikira n'kumangodola nsambo yaikulu ija mobwerezabwereza, mpaka mayi a kunyumba anatulukira kudzafunsa ngati mutu ukuyenda bwino.

Za kusema khosi, kupinda m'mbali pa paipi yamoto ndi kukhoma mafureti, tizitsulo topingasa pa khosi tija, sindikambapo, mavidiyo ake ali mbwee pa YouTube. Nkhani yanga ndi thabwa lapamwamba, lija lokhala ndi bowo, ndi timitengo tomatidwa kunsi kwake. Azungu amati braces, ine ndimangoti nthiti. Mawu a gitala amachokera pamenepo. Antonio de Torres, mmisiri wa ku Almería ku Spain amene anamwalira mu 1892, ndiye anakhazikitsa kapangidwe ka gitala ya nsambo za nayiloni kamene tonse tikutsatira lero. Mu 1862 anapanga gitala ya msana ndi m'mbali za mapepala omata, n'cholinga choti anthu aone kuti chachikulu ndi thabwa lapamwamba. Ndiye ine za msana sindinavutike nazo mtima. Ndinagula mlombwa ku Mchesi, khosi ndi la mbawa, basi.

Lapamwamba ndi lomwe silipezeka kuno. Limafuna spruce kapena western red cedar, mtengo wopepuka koma wosapindika wamba, wocheka mwakuti mizere yake iime chilili. Paini wa ku Chikangawa ndinamuyesa, mfundo zachuluka ndipo mizere ndi yotalikirana. Wina ananditsina khutu kuti angandipezere mkungudza wa ku Mulanje, ndinakana, mtengo uja watsala pang'ono kutheratu ndipo sudulidwa mwachisawawa. Mapeto ake msuweni wanga amene amakhala ku London anandinyamulira maseti awiri a spruce m'sutikesi pobwera ku Khirisimasi. Awiri. Pa nthawiyo ndinkaona ngati ndawononga ndalama.

Seti imodzi imakhala timatabwa tiwiri tochokera pa chipika chimodzi, umatilumikiza pakati ngati buku lotsegula. Ndinalumikiza bwinobwino, mzere wa guluu osaoneka n'komwe. Kunatsala kulipepuza kuchoka pa mamilimita pafupifupi 5 kufika pa 2.5. Apa ndi pamene ulesi unandipweteka. Ndinati bwanji ndipite kwa a makina opalira matabwa andichitire kamodzin'kamodzi.

Ndinafika pa shedi ina ya makina cha m'ma 8 koloko m'mawa, thabwa nditalikulunga m'chitenje ngati khanda, mu minibasi ndikulitchinjiriza ku zigongono za anthu. Magetsi kulibe. "Dikirani pang'ono bwana, akubwera posachedwa." Ndinadikira. Ndinadya chimanga chootcha. Ndinaonerera bawo mpaka ndinadziwa amene amabera. Kuntchito ndinali nditanama kuti ndikupita kuchipatala. Magetsi anayaka 3 koloko itadutsa, ndipo anayamba kaye ndi a mafelemu a zitseko amene anandipeza. Itafika nthawi yanga ndinawafotokozera mwini wake bwinobwino kuti achimwene, thabwa ili ndi lopyapyala, tiliike pamwamba pa thabwa lina lochindikala ndipo mudzichotsa pang'onopang'ono. Anaseka. "Bwana, ife tayamba kale ntchito imeneyi, musatiphunzitse." Anapatsa mnyamata wawo, mnyamata anapotokola chogwirira, n'kulikankhira m'kati.

Phokoso lake ndimalimvabe. Kunatuluka zipalapala ndi kachidutswa kotalika ngati sileti. Mipeni ya makina aja inali yobuntha, yozolowera bulugamu, inangolinyamula thabwalo n'kulitafuna. Ndipo chimene chinandiwawa kwambiri si thabwalo ayi. Bambo aja anatambasula dzanja kufuna K5,000 yawo, ati makina azungulira ndipo mayunitsi apita. Ndinati achimwene, mwandiphera thabwa lochokera kutali, mukufunanso ndalama? Iwo amvekere, "Ndi thabwa lanu lomwe ndi lofooka, ngati katoni." Anthu anayamba kusonkhana, ndinalipira kuti ndichokepo. Ndinatola zidutswa zanga n'kubwerera ku depoti wapansi, kabaza osamufuna, mkwiyo wokhawokha.

Thabwa lapamwamba musapite nalo ku makina. Nolani pulena yanu mpaka izimeta ubweya wa pamkono, palani mopingasa pang'ono, malizani ndi kachitsulo kopalira. Lachiwiri lija ndinalipala pamanja madzulo anayi. Pakati, pamene pamakhala bridge, kathabwa komangirirapo nsambo, ndinasiya 2.5, m'mphepete mwa kumunsi ndinatsitsa kufika cha pa 2.2. Manambalawa si lamulo, thabwa lililonse lili ndi khalidwe lake, umalipinda pang'ono m'manja n'kumva mmene likukanira.

Tsopano nthiti. Nsambo za nayiloni zikakungidwa zonse zimakoka ndi mphamvu yokwana makilogalamu pafupifupi 40, ndiye kathabwa kopyapyala chotere pakokha sikangapirire. Koma ukakalimbitsa mopitirira, gitala imangolira ngati kabati. Ntchito yonse ndi kupeza pakati. Ndinatsatira njira ya Torres: mitanda iwiri yopingasa, wina pamwamba pa bowo wina pansi pake, kenako nthiti 7 zoyala ngati zala za dzanja lotambasula kuchokera pansi pa bowo kutsikira kumunsi, ndi tiwiri totsekera kumapeto tooneka ngati V. Kuli njira zina, monga ya Greg Smallman wa ku Australia amene amaluka nthiti ngati sefa pogwiritsa ntchito balsa ndi carbon fibre, magitala ake ndi amene katswiri wa gitala John Williams amaimba. Zimenezo ndi za anthu a zipangizo, osati ife a m'kashedi.

Mitengo ya nthiti muziwaza, osacheka ndi sowo poyamba. Mukawaza ndi tchizulo, mtengo umang'ambika motsata mizere yake, ndiye kanthiti kamakhala kolimba ngakhale kali kowonda. Zanga zinali mamilimita 7 m'lifupi, msinkhu 4 ndisanayambe kusema. Zopanira zofika pakati pa thabwa ndinalibe, ndiye ndinakhoma kadenga ka pulayiwudi pamwamba pa tebulo n'kudula timizati ta nsungwi totalikirapo pang'ono kuposa mpatawo. Umakapinda, mutu kudenga, phazi pa nthiti, kamakanikiza kokha. Nsungwi za kumudzi zinagwira ntchito bwino kwabasi. Kamodzi kokha kanafwamphuka n'kusiya chibowo pa thabwa, ndinachidzutsa ndi kansalu konyowa ndi simbi.

Ndaiwala kunena, thabwalo silimatidwa pa tebulo lathyathyathya. Pansi pamakhala chikombole chokumbidwa pang'ono, mamilimita 2 kapena 3 pakati, kuti thabwa likatuluka likhale ndi kamimba kotukukira kunja. Kamimba kameneko kamalimbitsa popanda kuwonjezera kulemera.

Ndiye apa ndi pamene ndinadzipweteka ndekha, sindingaloze munthu chala. Ndinamata nthiti mu February, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, zovala osauma pa chingwe. Zinaoneka zokongola. Ndinaliika pa shelefu n'kuyamba za khosi. Pofika mu June, mphepo ya mwera itayamba, ndinapeza thabwa langa lapindika chagada ngati chikwatu cha mbatata youma. Kamimba kaja kanalowa m'kati. Nkhani yake ndi iyi: thabwa likamauma limafupika m'lifupi, koma mitanda yopingasa siifupika m'litali, ndiye zimakokana. Likanakhala lomatidwa kale ku bokosi bwenzi litang'ambika mu October. Ndinasema nthiti zonse kuzichotsa, imodziimodzi, mtima uli m'mwamba chifukwa thabwa lachitatu kunalibe.

Gulani kachida koyezera chinyezi, katchipa kuposa nsambo. Matani kakamaonetsa pakati pa 45 ndi 50 peresenti. Kuno ku Lilongwe zimenezi zimatheka nyengo yopanda mvula, ine ndinamatanso kumapeto kwa July masana. Musamate nthiti m'dzinja, ngakhale manja akuyabwa bwanji.

Kusema ndi kumene kumakoma. Umagwira thabwa ndi zala ziwiri cha kumtunda, kulilendeweretsa pafupi ndi khutu, n'kugogoda ndi chala pamalo a bridge. Poyamba limangoti gu, mawu ouma ngati chitseko. Umachotsa pang'ono ndi kapulena kakang'ono, nthiti kuzisongola pamwamba ngati denga, nsonga zake kuzitsitsa mpaka zitsale pang'ono kutha. Kugogodanso. Pang'ono ndi pang'ono limayamba kuti guuum, mawu kumachedwa kuzima. Nthiti za mbali ya nsambo zazikulu ndinazipepuza kuposa za mbali ya zing'onozing'ono, ena amatsutsa zimenezi, kaya, ine khutu langa linakonda choncho. Ndinkachita usiku ana atagona chifukwa masana matchalitchi ndi zigayo za m'dera lathu sizipatsa mpata. Vuto ndi lakuti palibe amene amakuuza kuti ima. Ndinaima pamene ndinayamba kuchita mantha, ndipo ndikuganiza kuti nthiti yapakati ndikanaichotsako kena, nsambo yachitatu imamveka yomangika pang'ono.

Bridge ndinaimata poyeza mamilimita 650 kuchokera ku nati, kachidutswa kodutsapo nsambo kumutu kwa khosi, kuwonjezerapo 2 kuti mawu asakwere ukadina nsambo. Yezani katatu. Ndipo ndibwerezenso, yang'anani chinyezi musanatseke bokosi, osati pa nthiti pokha.

Polishi sindinapake, ndikudikira fumbi la mwezi uno lichepe. Zidutswa za thabwa loyamba lija sindinataye, ndinadulapo tizigamba tolimbitsa m'mbali mwa bowo, moti zili m'kati mwa gitalayi. Dzulo ndinadutsa pa shedi ya makina ija ndikukagula sandipepa, bambo aja anandikodola amvekere, "Bwana, mwasowatu, kulibe kantchito?"